Galimoto imalira ndalama, nanga munthu amalira chiyani?

Tikati galimoto iyi imalira zambiri, palibe amene amafunsa tanthauzo. Oyilo asinthidwe pa nthawi yake, mabuleki aziyang'anidwa, ukazengereza injini imayamba kugogoda. Wopanga analemba kale zonsezi m'kabuku kake.

Mawu omwewa ndimawamvanso pa ntchito yanga ya uphungu, koma akunenedwa munthu. Bambo wina anandiuza kuti, "Mayi a kunyumba ngolira zambiri, ndatopa nawo." Nditawafunsa kuti amachita chiyani kwenikweni, anatulutsa foni. Uthenga wa mkazi wawo wa pa WhatsApp anali atauwerenga koma osauyankha, ndipo pasanathe ola mayiwo anali ataimba kasanu. Sankapempha ndalama kapena chovala. Ankangofuna kumva kuti sanaiwalidwe.

Khalidwe ili lili ndi mizu yake. M'zaka za m'ma 1970, katswiri wa zamaganizo Mary Ainsworth, yemwe ankagwira ntchito motsatira maganizo a katswiri mnzake John Bowlby, ankaonerera ana a chaka chimodzi mayi awo akatuluka m'chipinda n'kubweranso. Ambiri ankalira, akanyamulidwa n'kutonthola. Koma ena ankakakamira mayi wawo kwinaku akumukankha mwaukali, osatonthozeka. Kawirikawiri awa anali ana amene akalira lero amamvedwa, mawa ayi. Mwana wotere amaphunzira kuti kulira pang'ono sikukwanira. Mu 1987, akatswiri ena, Cindy Hazan ndi Phillip Shaver, anapeza mchitidwe womwewu pa chikondi cha akuluakulu: pafupifupi mmodzi mwa anthu asanu amene anayankha mafunso awo anali wa nkhawa yotereyi.

N'chifukwa chake mawu akuti "wovuta" kapena "wosakhutitsidwa" amandiwawa. Amawerengera mtengo wa amene akusamalira, koma satchula chomwe chikusowa. Inde, kutopa kwa bambo aja kunali kwenikweni, ndipo alipo ena amene amadandaula dala pofuna kulamulira anzawo. Amenewo amafunika kuwaikira malire. Koma wa nkhawa ukamukhalira chete kuti "aphunzire", mantha ake amangokula, n'kuimba kakhumi.

Ndinawapempha bambowo kuti asiye kunena zomwe mkazi wawo ali, anene zomwe amachita ndi nthawi yomwe amazichita. Zinapezeka kuti mafoni amachuluka madzulo okha, akachedwa kuntchito osanena. Tinagwirizana kuti ikamakwana 5 koloko azitumiza uthenga umodzi wonena nthawi yomwe afike, ndipo mayiwo akaulandira adikire mpaka nthawiyo asanaimbe.