Tirigu wa ku Ukraine ndi khomo lake lopapatiza

Pakati pa mzinda wa Istanbul ku Turkey pamadutsa mpata wa madzi wotchedwa Bosphorus. Pamalo pamene wapapatiza kwambiri ndi mamita pafupifupi 700 okha, moti munthu ataima tsidya lino amawerenga mawindo a nyumba za tsidya linalo. Sitima iliyonse yonyamuka m'madoko a nyanja ya Black Sea kupita ku Egypt, Lebanon, Djibouti kapena China iyenera kudzera pamenepo, palibe polambalala. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine ya 2022 isanabuke, magawo pafupifupi 9 mwa 10 a mbewu zimene Ukraine inkagulitsa kunja ankatuluka pa sitima zapamadzi, ndipo zambiri mwa sitimazo zinkapanikizana pa khomo limeneli.

Anthu akamasimba za Ukraine amakonda kuyambira pa dothi, ndipo salakwitsa. Dothilo amalitcha chernozem, kutanthauza dothi lakuda. Linapangidwa ndi udzu wa m'zigwa umene unkamera, kuuma ndi kuwolerana pamalo pomwepo kwa zaka masauzande, moti m'madera ena ukhoza kukumba mita yathunthu dothi lofiira osalipeza. Herodotus, Mgiriki wolemba mbiri amene anakhalako zaka zoposa 2,400 zapitazo, analemba kuti kumpoto kwa nyanjayi kunali anthu olima mbewu osati zoti adye koma zoti agulitse. Agiriki anamanga matauni m'mphepete mwa nyanja monga Olbia, ndipo mzinda wa Athens unkadya tirigu wochokera ku Crimea.

Koma dothi, ngakhale litanona bwanji, silinyamula mbewu kupita nayo kwa wogula. Kwa zaka mazana ambiri pambuyo pake chigwa cha kumwera chinali tchire, ndipo pamapu akale chinkalembedwa kuti minda yakuthengo. Ufumu wa Ottoman wa ku Turkey unali utatseka nyanja, pamene Atatar a ku Crimea ankabwera pa akavalo kudzagwira anthu ukapolo. Ndani angatsegule munda pamalo pamene sakudziwa ngati adzakolola ali mfulu? Tirigu wochepa amene ankatuluka ankalowera kumpoto, kutsika ndi mtsinje wa Vistula mpaka ku doko la Gdańsk.

Zinthu zinatembenuka Russia itagonjetsa Ottoman n'kusainirana pangano la Küçük Kaynarca mu 1774, limene linalola sitima za Russia kuyenda pa Black Sea ndi kudutsa pa Bosphorus. Mu 1783 mfumukazi Catherine II inalanda Crimea, ndipo mu 1794 inalamula kuti pamangidwe doko pamene panali linga la Khadjibey. Dokolo ndi Odesa. Amene anaukuza mzindawu anali mlendo, Mfalansa wothawa kwawo, Duc de Richelieu, yemwe anaulamulira kuyambira 1803 mpaka 1814. Kuyambira 1819 mpaka 1859 katundu ankalowa mu Odesa popanda msonkho, choncho amalonda achigiriki, achiyuda ndi achitaliyana anakhamukirako ngati njuchi pa maluwa.

Njanji kunalibe. Tirigu ankabwera pa ngolo za ng'ombe, zoyendetsedwa ndi amuna otchedwa chumak, amene ankayenda m'magulu kwa milungu ingapo, kugona panja, ng'ombe zikudya udzu wa m'njira. Popita ankasenza mbewu, pobwerera mchere ndi nsomba zouma. Anthuwa analowerera m'chikumbumtima cha mtundu wawo moti mpaka lero mlalang'amba, mzere woyera wa nyenyezi uja, m'chiyankhulo cha ku Ukraine amautcha njira ya achumak. Ntchito yawo inayamba kufa njanji ya Odesa kupita ku Balta itatsegulidwa mu 1865, koma malondawo ndiye anakula, makamaka chifukwa Britain inali itachotsa msonkho woletsa tirigu wakunja mu 1846. Pofika nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ufumu wa Russia unali patsogolo pa mayiko ogulitsa mbewu, ndipo gawo lalikulu linkachokera m'minda ya Ukraine. Ngakhale mbewu yeniyeniyo inasamuka: mu 1874 alimi a mpingo wa Mennonite ochokera kumwera kwa Ukraine anafika ku Kansas atanyamula tirigu wopirira chisanu wotchedwa Turkey Red, amene anadzakhala kholo la tirigu wambiri wa ku America.

Mu 1914 Turkey inatseka khomo lija, ndipo malonda onse anaima nthawi yomweyo. Chimodzi mwa zifukwa zimene Britain ndi France anatayira asilikali ambirimbiri pa Gallipoli, gombe la ku Turkey, mu 1915 chinali kufuna kulitsegulanso. Mu February 1918 Germany ndi Austria-Hungary, anthu awo atatopa ndi njala, anapangana mtendere ndi boma latsopano la Ukraine, limene linalonjeza matani 1 miliyoni a mbewu. Iwo eni panganolo analitcha mtendere wa buledi, osabisa n'komwe chimene anabwerera.

Apa mpamene nkhaniyi imafika powawa. Joseph Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, dziko limene Ukraine inali mbali yake, ankafuna mafakitale, ndipo makina ake ankayenera kugulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Ndalamazo zinali mu tirigu. Kuyambira 1929 alimi anaumirizidwa kupereka minda, ng'ombe ndi makasu awo ku minda ya onse yotchedwa kolkhoz, ndipo boma linkalamula kuchuluka kwa mbewu zoti mudzi uliwonse upereke, kaya kwakololedwa kaya ayi. Mu 1931 dziko la Soviet Union linagulitsa kunja matani oposa 5 miliyoni. Zokolola za 1932 zitachepa, magulu a anthu a chipani ankayenda khomo ndi khomo atanyamula zitsulo zazitali, kubaya pansi, m'makoma ndi padenga kufufuza mbewu zobisika. Mudzi wolephera kukwanitsa mlingo wake unkalembedwa pa bolodi lakuda, ndipo unkaletsedwa kugula chilichonse, ngakhale mchere ndi machesi.

Lamulo la pa 7 August 1932 ndilo limandiimitsa mutu nthawi zonse. Linanena kuti wotenga katundu wa kolkhoz aziwomberedwa, kapena akamuchitira chifundo, azikakhala kundende zaka 10. Anthu analipatsa dzina loti lamulo la ngala zisanu, chifukwa linkagwira ngakhale mayi wotola ngala zotsalira m'munda mokolola kale. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti kukunkha si kuba. Ndi gawo la mphawi, ndipo mwini munda wanzeru amayang'ana kumbali. Kumeneko kukunkha kunasanduka mlandu wa imfa. Mu January 1933 alimi analetsedwanso kutuluka m'dera lawo kukasaka chakudya. Anthu pafupifupi 4 miliyoni anafa ndi njala mu Ukraine mokha, pa dothi lachonde koposa la ku Ulaya, pamene sitima zinkapitirizabe kupakira: mu 1932 ndi mu 1933, chaka chilichonse kunatuluka matani oposa 1.5 miliyoni. Mtolankhani wa ku Wales, Gareth Jones, anayenda wapansi m'midzimo mu March 1933 n'kulemba zimene anaona, koma atolankhani anzake okhala ku Moscow anamutsutsa. Anthu a ku Ukraine njala imeneyo amaitcha Holodomor, kupha ndi njala. Russia mpaka pano imakana kuti inalunjika mtundu umodzi, imati madera enanso monga Kazakhstan anavutika. N'zoona kuti anavutika, koma munthu wa ku Ukraine akamva kuti Moscow yatseka doko lake la mbewu, chimene chimamubwerera m'mutu ndi 1933.

Hitler naye anabwera mu 1941 ndi pulani yolanda chakudya chomwecho kuti adyetse Germany. Nkhondo itatha, ulimi wa kolkhoz sunapezenso bwino, mpaka Soviet Union, dziko lomwe linkadyetsa Ulaya, linasanduka wogula: mu 1963 linagula tirigu ku Canada, ndipo mu 1972 linagula mwakachetechete matani pafupifupi 10 miliyoni ku America, mitengo n'kukwera dziko lonse lapansi.

Ukraine yomwe tikuidziwa lero monga nkhokwe ndi yaing'ono pa zaka. Italandira ufulu mu 1991 ulimi unayamba walowa pansi. Mu December 1999 pulezidenti Leonid Kuchma analamula kuti minda ya kolkhoz igawidwe, ndipo anthu akumudzi pafupifupi 7 miliyoni analandira mahekitala pafupifupi 4 aliyense. Koma kuyambira 2001 mpaka July 2021 lamulo linkaletsa kugulitsa malo olima. Agogo wokhala ndi chikalata cha mahekitala 4, wopanda thirakitala, woletsedwa kugulitsa, akanatani? Anabwereketsa. Makampani monga Kernel, MHP ndi Nibulon analumikiza timinda timeneti kukhala maesiteti a mahekitala masauzande mazanamazana, anamanga nkhokwe zazitali ndi malo opakirira m'madoko, n'kulima zimene msika wakunja ukufuna. Pofika 2021 dzikolo linakolola matani pafupifupi 86 miliyoni a mbewu. Pa malonda a pakati pa mayiko, tirigu pafupifupi thumba limodzi mwa 10 alionse linali lawo, chimanga kuposa pamenepo, ndipo mafuta a mpendadzuwa pafupifupi theka. Bungwe la WFP, lomwe limagawa chakudya kumene kwagwa njala, linkagula pafupifupi theka la tirigu wake kumeneko.

Pa 24 February 2022 Russia inalowa ndi nkhondo. Sitima zake zankhondo zinaima panyanja, Ukraine inatchera mabomba m'madzi kuteteza Odesa, ndipo matani pafupifupi 20 miliyoni anatsekeredwa m'nkhokwe, zokolola zina zili m'njira. Mu March chaka chomwecho mitengo ya chakudya, malinga ndi muyeso wa bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi ku United Nations, inafika pamene inali isanafikepo. Chodabwitsa n'chakuti mlimi wa ku Ukraine sanaone phindu la kukwerako. Kwa iye mtengo unagwa, poti wogula analibe potulutsira, ndipo mbewu ankazisunga m'matumba a pulasitiki ataliatali ogonekedwa m'munda ngati nsato.

Pangano lotsegula njira linasainidwa ku Istanbul pa 22 July 2022, ankhoswe ake ali United Nations ndi Turkey. Linakhudza madoko atatu, Odesa, Chornomorsk ndi Pivdennyi, ndipo sitima iliyonse inkayenera kusechedwa ndi nthumwi za mbali zonse zinayi pafupi ndi Bosphorus. M'mawa mwake mizinga inagwa pa doko la Odesa, komabe pa 1 August sitima yotchedwa Razoni inanyamuka ndi matani 26,000 a chimanga kupita ku Lebanon, kumene wogula anachikana ati chachedwa. Yotsatira imene Africa inaiyang'anitsitsa inali Brave Commander, ya matani 23,000 a tirigu wa WFP wopita ku Ethiopia kudzera ku Djibouti. Pamene Russia inkatuluka m'panganolo pa 17 July 2023, matani pafupifupi 33 miliyoni anali atapita ku mayiko 45.

Mkangano wa amene anadya mbewuzo sunathe. Vladimir Putin ankati Azungu ananamizira amphawi, mbewu zambiri zinapita kwa olemera. Manambala ake si abodza onse: pafupifupi theka linali chimanga, chambiri chodyetsa ziweto, ogula aakulu anali China, Spain ndi Turkey, ndipo WFP inanyamula matani 725,000 okha. Koma mfundoyi, mmene ndikuonera, imazemba mmene msika umayendera. Spain ikalephera kugula ku Odesa sigona ndi njala, imakagula kwina n'kupikisana ndi wosauka, ndipo wosaukayo ndiye amabwerako chimanjamanja. Mayi wophika mandasi ku Ndirande sanaonepo thumba lolembedwa Ukraine, koma fulawa ndi mafuta ophikira zinamukwerera chimodzimodzi, kwacha nayo itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022.

Russia inali ndi dandaulo lake, loti feteleza ndi mbewu zake zikuvutika kutuluka chifukwa cha zilango pa mabanki ndi inshuwalansi. Dandaulo limeneli linafika mpaka m'minda ya ku Malawi: matani 20,000 a feteleza wa kampani ya Uralchem, amene anatsekeredwa ku Netherlands, ananyamulidwa ndi sitima yochita hayala ndi WFP, kudzera ku Mozambique, n'kuperekedwa ngati mphatso mu March 2023, mbewu zambiri za dzinja limenelo zitakula kale. Mu June chaka chomwecho atsogoleri a mu Africa, kuphatikizapo Cyril Ramaphosa ndi Hakainde Hichilema, anapita ku Kyiv ndi ku St Petersburg, nkhani ya mbewu ndi feteleza ili pakamwa, koma patangopita mwezi panganolo linafa.

Njira zapamtunda zinabweretsa mavuto ena. Njanji za Ukraine n'zotakasuka mamilimita 1,520 pamene za Ulaya ndi 1,435, choncho pamalire katundu amayenera kutsitsidwa kapena mawilo kusinthidwa. Mbewu zimene zinawoloka zinagwetsa mitengo kwa anansi, ndipo mu April 2023 Poland, Hungary, Slovakia ndi Bulgaria analetsa kuti zisagulitsidwe kwawo. Alimi a ku Poland, dziko lomwe linalandira othawa nkhondo ndi manja awiri, anafika potseka misewu ndi kukhuthulira tirigu wa Ukraine pansi.

Chimene ambiri sanachiyembekezere n'chakuti Ukraine inatsegula yokha khomo la panyanja. Itathamangitsa sitima zankhondo za Russia kumadzulo kwa Black Sea ndi mizinga ndi maboti opanda munthu, kuyambira August 2023 sitima zinayamba kuyenda mokhulana ndi gombe la Romania ndi Bulgaria, ndipo pofika 2024 malonda anayandikira mmene analili kale, ngakhale madoko ankaphulitsidwabe. Kumtunda ndiye mabala sanapole. Damu la Kakhovka, lomwe linkathirira minda ya kumwera, linagumulidwa pa 6 June 2023. Minda ina yachonde ili m'manja mwa Russia, ina yadzala mabomba okwiriridwa. M'chigawo cha Kharkiv mlimi wina, atatopa kudikira akatswiri ochotsa mabomba nyengo yodzala ikudutsa, anakuta thirakitala yake ndi zitsulo zochotsa pa akasinja owonongeka, n'kumaiyendetsa ndi rimoti iye atakhala patali, kuti bomba likaphulika liphulikire makinawo.