Kope lofiira ndi inki likhoza kupambana loyera

Mayi wina wa ku Mabvuku, dera la mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, adandiimitsa pageti la sukulu, kope la mwana wake lili m'manja. "Aphunzitsi, tandimasulireni. Wangayu sanalakwitse liwu ndi limodzi lomwe, mwampatsa 11 pa 20. Mnzake uja tsamba lonse lili psuu, mwampatsa 14. Zikutheka bwanji?"

Funso limeneli ndalimva kambiri pa zaka zomwe ndakhala ndikuchonga chimangirizo, chomwe anzathu a Chishona amati rondedzero.

Ana awiriwa anali a Giredi 6, chimangirizo chinali cha Chingerezi, ndipo mutu unali wa tsiku limene sadzaliiwala. Mwana wa mayiwa adalemba bwino ndithu, zilembo zoongoka ngati za makina. Dzuwa lidawala, mbalame zidaimba, iye adakondwa ngati mfumu. Vuto ndi lakuti ana ena asanu m'kalasimo adakondwanso ngati mfumu yomweyo, pansi pa dzuwa lomwelo. Adaloweza kwa wowaphunzitsa pa extra lesson. Ndidafika kumapeto osadziwa kuti tsikulo kudachitika chiyani.

Mnzake uja adalemba zopita ndi agogo ake ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, m'mbandakucha kukapikula tomato. Adati agogowo adamanga ndalama pansonga ya chitenje, mfundo ziwiri. Pobwerera, wokankha ngolo adagunda mwala, bokosi lidagwa, tomato n'kubalalika mpaka pansi pa kombi (minibasi). Agogo sadakalipe. Adagwada n'kuyamba kutola wosaphwanyika, uku akuwerenga chamumtima. Mwanayo adamaliza ndi kunena kuti usiku umenewo ndiwo zinali tomato yekhayekha.

Ameneyu adaona kanthu, adakayala mwa dongosolo, ndipo adadziwa polekera. Zimenezi ndizo zovuta kuphunzitsa.

Ine ndimawerenga katatu. Koyamba cholembera chimakhala patebulo, ndikungofuna kudziwa ngati mwana wayankha mutu womwe wapatsidwa ndiponso ngati pali chake chimene wanena. Kachiwiri ndimayang'ana mafupa a nkhaniyo: chiyambi, thunthu, mathero, komanso ngati ndime iliyonse yanyamula ganizo limodzi. Inki yofiira imatuluka kachitatu, pa kalembedwe ka mawu, mipumiro, mipatuliro ndi nthawi za aneni.

Apa pa inki ndi pomwe makolo ambiri amasokonezeka, chifukwa amawerenga mizere yofiira ngati akuwerenga mbuzi. Zolakwa sizilemera mofanana. Ana athu kuno amayenda ndi ziyankhulo zitatu, Chichewa cha agogo kunyumba, Chishona cha pamsewu, Chingerezi cha m'kalasi. M'Chichewa l ndi r sasiyanitsa tanthauzo la mawu, pomwe Chishona cholembedwa chimadalira r, ndiye musadabwe mwana akalemba pray pofuna kunena play. Liwu lakuti iye, m'Chichewa ndi m'Chishona momwe, silisankha mwamuna kapena mkazi, n'chifukwa chake agogo aja m'nkhani ya tomato ankasanduka he m'ndime ina, she m'ndime inzake. Mizere khumi yofiira, koma nthenda ziwiri zokha, ndipo zonse zimachizika m'masabata ochepa. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chiganizo chimene ndabwereza katatu osatolapo tanthauzo, ngakhale liwu lililonse lalembedwa molondola.

Musandimve molakwa. Wa tomato uja adataya malikisi 6, ndipo ambiri adapita pa zolakwa zomwezo. Pa mayeso a Giredi 7 a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso ku Zimbabwe, pomwe phunziro lililonse limapatsidwa mayunitsi kuyambira 1 mpaka 9 ndipo 1 ndiye wapamwamba, kulemba mosasamala kumamutsitsa mwana. Koma woloweza ali pangozi yoposa apo, pakuti mutu ukabwera wosiyana ndi womwe adaumeza, amauthira momwemo mokakamiza, ndipo wochonga amazindikira pa mzere wachiwiri.

Nafenso aphunzitsi tili ndi zathu. Kope la 40 silichongedwa ndi maso omwe adachonga loyamba, makamaka madzulo magetsi atazima. Zilembo zokongola zimatinyenga, dzina la mwana amene timamudziwa kuti ndi wanzeru limatinyenganso. Ine ndimapinda chikuto kuti ndisaone dzina, ndipo makope angapo timasinthana ndi mphunzitsi wa kalasi inayo. Tikasiyana ndi malikisi oposa awiri, timakhala pansi n'kuwerengera limodzi.

Mayi aja adandiuza kuti Chingerezi chawo n'chochepa, sangathe kumuthandiza mwana. Ndidawafunsa ngati amatha kuzindikira nthano ikadumpha pakati. Adaseka, nati amene adakulira pa "padangokhala" ndi "tili tonse" sanganamizidwe pamenepo. Ndiye ndidawapempha kuti mwana akalemba, atseke kope, awafotokozere nkhaniyo m'Chichewa, iwo azingofunsa kuti kenako chidachitika n'chiyani, adalipo ndani, iwe udaona chiyani. Pomwe mwana wakakamira poyankha, pamenepo ndi pomwe ndime yake ili yopanda kanthu.

Patatha masabata atatu mwana wa mayi aja adalemba za mzere wa pachitsime m'dera lawo, ndi mkangano wa zigubu ziwiri zachikasu zofanana. Adalakwitsa mawu asanu ndi awiri. Ndidampatsa 15.