Pulogalamu ya crack: kodi imachita chiyani mkati mwa kompyuta yanu?

Munthu akamagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito muno mu Lilongwe, kaya m'mashopu a ku Old Town kapena kwa anyamata otsatsa pa Facebook, amauzidwa kuti zonse zilimo kale: Windows, Microsoft Office, mwinanso Photoshop. Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza makompyuta ndaona kuti mapulogalamu amenewa kawirikawiri amakhala othyoledwa loko, amene amisiri timangowatcha kuti crack, ndipo wogulayo sauzidwa.

Loko wake amagwira ntchito motere. Windows yogulidwa mwalamulo imakhala ndi kiyi wa zilembo ndi manambala 25, ndipo kompyuta imafunsa kwa Microsoft kudzera pa intaneti ngati kiyiyo ndi weniweni. Mabungwe aakulu okhala ndi makompyuta ambiri anapatsidwa njira ina yotchedwa KMS, pamene seva, kompyuta yaikulu ya bungwelo yotumikira makompyuta enawo, ndiyo imapereka chilolezo cha masiku 180. Crack yofala kwambiri imanamizira kukhala seva imeneyo mkati mwa kompyuta yanu yomwe, ndipo popeza chilolezocho chimatha, imadzikhazika penapake kuti izidzuka yokha nthawi ndi nthawi mwini wake osadziwa. Mtundu wina umalowa m'mafayilo a pulogalamu n'kudula gawo limene limafunsa chiphaso.

Njira zonse ziwirizi zimafuna kuti muipatse crack mphamvu za administrator, zotha kusintha chilichonse mu kompyuta, ndiponso kuti muyambe mwazimitsa antivirus. Apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu amene simukumudziwa, amene sanalembe dzina lake paliponse, mwamupatsa makiyi a nyumba yonse, galu mwamangirira nokha. Sikuti crack iliyonse imabwera ndi kachilombo, koma palibe njira yoti munthu wamba asiyanitsire yabwino ndi yoipa, ndipo zina zimaba mapasiwedi osungidwa mu Chrome, kuphatikizapo a imelo ndi a kubanki, mwakachetechete.

Mayi wina amene ali ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza mapepala ku Kawale anabwera ndi laputopu yake tsiku lina m'mawa, nkhope ili yakugwa. Makalata a makasitomala, ma CV, mapulogalamu a maukwati, zonse zinali zosatseguka, ndipo pa sikirini panali uthenga wofuna malipiro mu Bitcoin, ndalama ya pa intaneti, kuti mafayilowo atsegulidwe. "Achimwene, mnyamata amene anandiikira Office anati ndisamayatse zoteteza zija chifukwa zimangovutitsa," anatero mayiwo. Mafayilo amene tinapulumutsa ndi okhawo amene anali pa flash.

Amisiri ena amazimitsanso ma update, zigamba zimene Microsoft imatumiza pa intaneti zotsekera mabowo a chitetezo, poopa kuti crack ingagwidwe, ndipo makasitomala amakondwera chifukwa bandulo imakhalitsa. Koma mu May 2017 kachilombo ka WannaCry kanagwira makompyuta m'mayiko oposa 150, mpaka kusokoneza zipatala za NHS ku Britain, pogwiritsa ntchito bowo limene Microsoft inali itatseka kale mu March chaka chomwecho. Amene anagwidwa ndi amene makompyuta awo anali asanalandire chigamba chimenecho.

Ku mbali ya malamulo, Copyright Act ya 2016 imateteza mapulogalamu a kompyuta monga imatetezera mabuku ndi nyimbo, ngakhale anthu ambiri akamva za COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, amangoganiza za oimba.

Sindinganamizire kuti mitengo ndi yopepuka. Ziphaso zimagulidwa mu madola, amene akusowa ngakhale m'mabanki, ndipo kampani ya Adobe kuyambira 2013 inasiya kutulutsa Photoshop yatsopano yogula kamodzi, imafuna malipiro opitirira. Komabe wolemba makalata ndi wowerengetsa ndalama angathe kugwiritsa ntchito LibreOffice, imene ndi yaulere mwalamulo ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale masamba okongoletsedwa kwambiri nthawi zina amasokonekera pang'ono.

Chimene chinandipweteka pa nkhani ya mayi a ku Kawale ndi ichi. Kuyambira pa Windows 8 mu 2012, opanga malaputopu ambiri amasunga kiyi mkati mwa makina enieniwo. Nditapukuta laputopuyo n'kuikamo Windows ya mtundu wa Home, inangolumikizidwa pa intaneti n'kudzitsimikizira yokha. Chiphaso chenicheni chinalimo kuyambira kale, koma mnyamatayo anaikamo ya Pro yothyola loko chifukwa ndi imene inali pa flash yake.