Ma black hole amene anabadwa nyenyezi zisanayambe kuwala

Black hole imene ambiri timaimva imachokera ku nyenyezi yakufa. Nyenyezi yolemera kuposa dzuwa maulendo pafupifupi 20 ikamaliza mafuta ake, pakati pake pamagwera mkati, zinthu n'kuthinana mpaka ngakhale kuwala kumalephera kutulukamo. Koma pali mtundu wina umene asayansi akuusakabe: wobadwa m'sekondi yoyamba ya chilengedwe, zaka 13.8 biliyoni zapitazo, nyenyezi kulibe ndi imodzi yomwe.

Ganizoli analiyamba ndi asayansi awiri, Yakov Zel'dovich ndi Igor Novikov m'zaka za m'ma 1960. Stephen Hawking analikulitsa mu 1971, ndipo mu 1974 analemba za nkhaniyi pamodzi ndi Bernard Carr.

Nthawi imeneyo chilengedwe chinali chotentha ndi chothinana koopsa, koma kuthinanako sikunali kofanana paliponse. Malo akathinana kuposa oyandikana nawo ndi pafupifupi theka, mphamvu yokoka zinthu inkagonjetsa kutentha komwe kunkakankhira zinthu kunja, malowo n'kugwera mkati. Vuto lagona pomwepa. Kuwala kwakale kwambiri kotsalira kuchokera pachiyambi cha chilengedwe, kumene timakuyeza kumwamba, kumaonetsa kuti kuthinanako kunkasiyana ndi gawo limodzi lokha pa 100,000. Kusiyana kotere n'kochepetsetsa. Kuti ma black hole amenewa apangike, pankafunika kusiyana kwakukulu zedi pa timalo ting'onoting'ono, ndipo zimenezi sizinatsimikizikebe.

Kulemera kwa black hole yotere kumatiuza nthawi imene inabadwa. Yobadwa patatha sekondi imodzi ingalemere ngati madzuwa 100,000. Yobadwa pa gawo limodzi la magawo 100,000 a sekondi ingalemere ngati dzuwa limodzi. Zobadwa msanga kuposa apa n'zopepuka, ndipo zopepukitsitsa sizikhalitsa: mu 1974 Hawking anaonetsa kuti black hole imataya mphamvu pang'onopang'ono, ndipo ikamachepa imatentha kwambiri n'kumatha mofulumira. Yomwe inabadwa ndi matani pafupifupi 500 miliyoni ikanakhala ikutha masiku athu ano. Zopepuka kuposa pamenepa zinatha kalekale.

Inu amene mumadzuka n'kuona phiri la Mulanje, taganizani: phiri lonselo, kuyambira patsinde mpaka pa Sapitwa, mamita 3,002, litapanikizidwa kukhala black hole, lingachepe kuposa atomu imodzi. Ndipo kulemera kotereku n'kumene kuli kofunika kwambiri pa nkhaniyi. Pafupifupi 85 peresenti ya zinthu zolemera m'chilengedwe ndi dark matter, yomwe siioneka koma imakoka milalang'amba. Kodi n'kutheka kuti ndi ma black hole akalewa?

Njira imodzi yowasakira ndiyo kuyang'anitsitsa nyenyezi mamiliyoni usiku ndi usiku. Black hole ikadutsa kutsogolo kwa nyenyezi, imapinda kuwala kwake, nyenyeziyo n'kuwala kwambiri kwa kanthawi. Kafukufuku wa OGLE ku Chile ndi telesikopu ya Subaru ku Hawaii, yomwe inayang'ana mlalang'amba wa Andromeda, anapeza zochitika zochepa kwambiri, choncho ma black hole olemera ngati mwezi, dziko lapansi kapena dzuwa sangakhale dark matter yonse. Koma olemera ngati phiri lalikulu kapena miyala ya m'mlengalenga yotchedwa asteroid ndi aang'ono moti njirayi siiwagwira, komanso ndi olemera moti sanathe. Mpata wotsala ndi umenewo, ndipo m'pomwe khama la asayansi liyenera kupita.

Njira ina inatseguka pa 14 September 2015, pomwe makina a LIGO ku America anamva kugwedezeka kochokera ku ma black hole awiri ogundana, olemera ngati madzuwa pafupifupi 36 ndi 29. Ena anaganiza kuti mwina ndi akalewa, koma nyenyezi zakufa nazo zingabale olemera chotere. Umboni wosatsutsika ungakhale black hole yopepuka kuposa dzuwa, chifukwa nyenyezi yakufa siingabale yaing'ono chotero. Mpaka pano palibe yotere imene yatsimikizika.