Tikagejemula zimapita kuti? Mafunso ndi mayankho pa nkhani ya suweji

Kodi madzi akuchimbudzi ndi akubafa amathera kuti?

Ngati nyumba yanu inalumikizidwa ku paipi ya suweji, amayenda pansi mpaka ku malo oyeretsera. Ku Lilongwe malo aakulu ndi ku Kauma, ku Blantyre kuli Soche, Limbe, Chirimba ndi ena. Koma omwe ali pa paipi ndi ochepa, ambirife ndi sepitiki kapena chimbudzi chokumba, nde zikadzadza galimoto yopopa ija imayenera kukakhuthula ku malo omwewa, osati kudambo usiku ngati amachitira ena.

Amathiramo mankhwala anji kuti ayere?

Apa mpomwe ambiri amasokoneza. Ntchito yaikulu sigwiridwa ndi mankhwala ayi, imagwiridwa ndi tizilombo tamoyo tosaoneka ndi maso, timadya zonyansazo. Madzi akangofika amayamba adutsa pa zitsulo zangati sefa zomwe zimakola majumbo, nsanza, mapampasi ndi makondomu, kenako amawachepetsa liwiro kuti mchenga ukhale pansi. Ku Kauma akatero amalowa mmaiwe. Dziwe loyamba ndi lakuya, mulibe mpweya, matope amadikha pansi nkumawola ndipo fungo lambiri limachokera pamenepa. Lachiwiri ndi losaya kwambiri, madzi ake amaoneka obiriwira chifukwa cha ndere, nderezo zikaombedwa ndi dzuwa zimatulutsa okosijeni yemwe tizilombo tija timapuma tikamadya. Omalizawo ndi oti dzuwa liphe majeremusi komanso mazira a njoka zammimba adikhe. Zonsezi zimatenga masabata ndithu, madzi akathamangitsidwa amatuluka asanayere.

Ku Soche njira yake ndi ina, madzi amawazidwa pamwamba pa mulu wa miyala ndi mipope yozungulira, tizilomboto timakhala pa miyalapo ngati utoto woterera nkumadya madzi akamatsika.

Nanga ogwira ntchito kumeneko amatani tsiku lonse?

Kupala zinyalala pa sefa ndi reki, kuchotsa mchenga, kutchetcha udzu mmbali mwa maiwe kuti udzudzu usaswane, kutenga madzi kupita nawo ku labu. Wodziwa ntchito amangoyang'ana mtundu wa dziwe, likasiya kubiriwira nkuyamba kuda kapena kufiirira amadziwa kuti lalemedwa. Pakapita zaka matope amayenera kuchotsedwa nkuyanikidwa, apo ayi dziwe limafotsereka madzi nkumangodutsa pamwamba. Anthu amenewa amafunika magambutsi, magolovesi ndi ulemu wathu, mpweya wa mmanihole umapha munthu pa mphindi zochepa.

Lamulo likuti chani pa zotaya madzi oipa mumtsinje?

Water Resources Act ya 2013 imati sungatayire madzi oipa mumtsinje popanda chilolezo cha National Water Resources Authority. Palinso Environment Management Act ya 2017 yomwe inakhazikitsa MEPA, bungwe loyang'anira zachilengedwe, ndipo a Malawi Bureau of Standards ali ndi milingo ya momwe madziwo ayenera kukhalira. Izi zikukhudza fakitale, hotela, malo ophera nyama ngakhalenso malo oyeretserawo, poti madzi aku Kauma amakathera mumtsinje wa Lilongwe ndipo kumunsi kuli anthu akuchapa ndi kuthirira ndiwo. Kwa ine lamulo lilipo lokwanira, chomwe chimasowa nkulitsata, aliyense amene anaimapo pa mlatho wa mtsinje wa Mudi ku Blantyre mwezi wa Okutobala akudziwa chomwe ndikunena.

Fakitale ikhoza kungolumikiza ku suweji basi?

Ayi, iyambe yayeretsako yokha. Asidi, utoto, oyilo wa injini ndi mankhwala amphamvu zimapha tizilombo tija, ndipo tikafa pamatenga nthawi kuti tiswanenso, nthawi yonseyo zonyansa zikungotuluka zaziwisi.

Ine wapakhomo ndikulakwitsa pati?

Mafuta otsala mu poto kuthira mu sinki, amakaundana mu paipi. Mapampasi, mapadi, zisononkho, miyala yosetera, zonsezi zimatseka. Kulowetsa madzi a padenga mu suweji nakonso nkolakwika chifukwa mvula ikagwa manihole amasefukira mmisewu. Ndipo zoba zivundikiro za manihole kukagulitsa kwa azitsulo zikutipweteka tokha, mchenga ndi zinyalala zimalowera pomwepo, ana amagweramo.

Suweji ikaphulika ndi nkhani yaikulu chonchi?

Funsani a ku Area 18 omwe mu 2017 anatunga madzi osakanikirana ndi suweji pa mpopi wa mnyumba mwawo. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 mdziko muno, ndipo njira yake ndi yomweyi, chimbudzi kukumana ndi madzi akumwa. Mukaona pakutuluka musadikire kuti aneba akanene, uzani a khonsolo kapena a Water Board tsiku lomwelo.

Madzi otuluka kumapeto tingamwe?

Ayi ndithu. Ayeretsedwa kuti mtsinje uwalandire, osati kuti alowe mu ndowa. Kuthirira mitengo kapena chimanga nkotheka ngati ayezedwa, koma ndiwo zodya zosaphika monga letesi ndi tomato musathirire nawo.