Makobiri a m'chitini cha agogo ku Chiromo

Agogo aakazi atatisiya, pansi pa nsalu zawo tinapezapo chitini cha mkaka chodzaza ndalama zachitsulo zakale. Abale ankati tiwapatse ana azikasewera nazo. Ine ndinakana, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikutolera zina m'misika ya Bangula, Tengani mpaka ku Marka.

Kuno ku Chigwa cha Shire ndalama inafika pamadzi. Isanabwere, Amang'anja ankasinthanitsa mchere, makasu ndi nsalu zoomba okha, zomwe David Livingstone anaziona mu 1859. Sitima zitayamba kukwera mtsinje kudzakocheza pa Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, ndi pa Chiromo, kunayamba kuyenda lupiya za ku India, kenako mashilingi a Angelezi. Koma chimene chinamangirira anthu ku ndalama ndi msonkho wa nyumba wa m'ma 1890. Wosowa shilingi ankakagwira ntchito kwa mzungu kapena kulima thonje. Mawu oti kobiri nawonso anadzera konkuno: gwero lake ndi cobre, mkuwa m'Chipwitikizi.

Limene ndimalikonda kwambiri ndi kobiri lobowola pakati la nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, lomwe linayamba kusulidwa mu 1955. Mutu wa Mfumukazi Elizabeth ya ku Britain palibepo, dzina lokha. Njovu ziwiri zaimirira ndi miyendo yakumbuyo, bowo lili pakati pawo. La agogo linaperepeseka mbali imodzi ya bowolo, podutsa mkuzi. Mayi anandiuza kuti linali m'chiuno mwawo ali khanda, kenako linadzakhala m'chiuno mwanga. Ndikaligwira ndimaganiza za dambo la Elephant Marsh kuseri kwathuku, lomwe linangotsala dzina, njovu zinatha kalekale.

Ndalama za 1964 zili ndi nkhope ya Kamuzu. Mu 1971 kunabwera kwacha ndi tambala, paundi imodzi n'kusanduka K2, shilingi n'kukhala 10 tambala, ndipo shilingiyo ndi 10 tambalayo zonse zinali ndi chimanga kumbuyo. Agogo mpaka imfa yawo 10 tambala ankaitchabe shilingi.

Zimenezi mungazipeze ku Dedza kapena ku Mzimba. Chosiyanitsa chitini cha kuno ndi zomwe zili pansi pake: ma escudo a Apwitikizi, ndi ma metical omwe dziko la Mozambique linayamba kugwiritsa ntchito mu 1980. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, anthu anawoloka malire mwaunyinji kudzakhala ku Nsanje. Ndalama zawo kuno zinalibe ntchito, koma agogo ankazilandirabe pogulitsa nsomba zouma. Ankati munthu wothawa nkhondo sumubweza ndi njala chifukwa cha chithunzi cha pa kobiri. Ma metical amenewo sanagulepo kanthu, anangowasunga.

Chimandiwawa n'chakuti zitini zoterezi zikutha. Madzi osefukira a mu 2015 ndi namondwe Freddy mu 2023 anakokolola zambiri pamodzi ndi nyumba. Zotsalazo ena amazikwecha ndi mchenga kuti ziwale, zilembo n'kufufutika. Chaka chatha kunabwera mnyamata wina panjinga yamoto, akufunsa khomo ndi khomo za kobiri lobowola, ati kutauni kuli ogula. Ndinamuonetsa langa, ndinamulola kuligwira, kenako ndinalibwezera m'chitini.