Mbiri ya kanema ku Kasungu: bwanji Bruce Lee sakuchoka pa bolodi la vidiyo

Pa misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, kuchokera pa Chinkhoma kudutsa pa boma la Kasungu mpaka ku Nkhamenya, nyumba zoonetsera vidiyo zilipobe ngakhale zachepa. Masiku a mpira wa ku England bolodi la pakhomo limadzaza ndi maina a matimu. Masiku enawo, choko chimalembabe maina a anthu omwe anatchuka eni nyumbazo asanabadwe: Bruce Lee amene anamwalira mu 1973, Jackie Chan ali mnyamata, Chuck Norris, Van Damme, Rambo. Achinyamata amati ndi mafilimu a madala. Akuluakulu amayankha kuti amakonowa ndi zojambula za pa kompyuta, zopanda munthu weniweni. Mbali zonse ziwiri zimaiwala njira imene kanema anafikira kuno, ndipo yankho lili m'njira imeneyo.

Kanema anafika m'midzi pa galimoto. Mu 1948 maboma a atsamunda anakhazikitsa bungwe la Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, kuti lizipanga mafilimu a anthu akuda a ku Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia. Linagwira ntchito mpaka chitaganya cha maiko atatuwa chitatha mu 1963. Mafilimu ake ambiri anali ophunzitsa ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama, ndipo ochuluka analibe mawu. Munthu wodziwa chinenero cha deralo ankaima ndi chimkuzamawu n'kumafotokoza zimene zikuchitika, nthabwala zake akuthiramo. Dziko litalandira ufulu mu 1964, magalimoto a nthambi yofalitsa nkhani ndi a unduna wa zaulimi anapitiriza ntchitoyo: chinsalu choyera pa bwalo la sukulu, jenereta kuseri, ulendo wa Kamuzu woyendera mbewu poyamba, kenako kapangidwe ka mizere yakalozera.

Makina ake anali a filimu ya mamilimita 16, yodutsa zithunzi 24 pa sekondi. Mkombero wa mafiti 400 unkatha m'mphindi pafupifupi 11, waukulu wa mafiti 1,600 m'mphindi 44, ndiye chionetsero chinkaima kuti asinthe mkombero. Mavuto anali odziwika. Timabowo ta m'mphepete mwa filimu tikang'ambika, chithunzi chinkadumphadumpha. Filimu ikakodwa kutsogolo kwa babu kwa masekondi ochepa, inkasungunuka anthu akuona bowo likukula pa chinsalu, ndipo woonetsa ankadula malo opsawo n'kulumikiza. Filimu yoyenda maboma ambiri inkafika ku Kasungu itataya zidutswa zochuluka. Nkhani yofuna kumva mawu aliwonse sikanapulumuka ulendo wotere. Yopulumuka inali ya munthu wothamangitsidwa, wogwa, wobwezera.

Pamwamba pa izo panali lumo la boma. Lamulo la 1968 loyang'anira zosangalatsa linakhazikitsa Censorship Board, ndipo filimu iliyonse yoonetsedwa pagulu inkayenera kudutsa kumeneko. Zopsompsonana, zovala zazifupi ndi nkhani zokhudza kugwetsa boma zinkadulidwa kapena kuletsedwa. Wailesi ya kanema kunalibe m'nthawi yonse ya Kamuzu, mwana wa ku Kasungu konkuno. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Nyumba zenizeni za kanema, monga Apollo ku Blantyre, zinali za m'mizinda. Munthu wa ku Chamama kapena ku Santhe akanatha kukula, kukwatira, kubereka, ataonera kanema kangapo kokha pa bwalo la sukulu.

Chimene chinasintha zonse ndi tepi ya VHS, yomwe kampani ya JVC inatulutsa ku Japan mu 1976. Kuno inafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo inafala zedi zinthu zitamasuka pambuyo pa referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Kasungu ndi dera la fodya. Msika ukatsegulidwa cha mu Epulo, ndalama zinkafika m'manja mwa alimi ndi matenanti a m'maesiteti, ndipo wa golosale wochenjera ankagula zinthu zinayi: TV ya mainchesi 14 kapena 21, deki ya vidiyo, jenereta yaing'ono, ndi sipika yoika panja kuti phokoso la nkhonya liziitana odutsa. Chipinda cha kuseri ankaikamo mabenchi, mazenera n'kutseka ndi ziguduli. Matepi ankachokera ku Lilongwe, ena ku Zambia kudzera ku Chipata ndi Mchinji, ena ndi anthu obwera ku Joni.

Matepiwo sanali oyambirira. Anali ojambulidwa kuchokera ku tepi ina, yomwenso inajambulidwa ku ina, ndipo VHS imataya mtundu ndi kuthwa kwa chithunzi nthawi iliyonse ikakopedwa. Pofika kukopa kwachitatu, nkhope zinkafiira ndipo mawu ankamveka ngati a m'chitini. Fumbi la m'chilimwe linkamatirira pa mahedi a deki, tizipangizo towerenga tepi, chithunzi n'kudzaza mizere yoyera. Mankhwala ake anali kutsegula chivundikiro, kunyowetsa kapepala koyera ndi sipiriti, kukakanikiza pang'ono pa ng'oma yozungulira yomwe pamakhala mahediwo n'kuitembenuza ndi chala cham'mbali. Wopukuta mokweza ndi kutsitsa, kapena wogwiritsa ntchito thonje, ankathyola hedi, deki n'kuthera pomwepo. M'dzinja matepi ankachita nkhungu. Kagudumu ka labala kokoka tepi kakauma, deki inkatafuna tepi, ndipo mwini ankaitulutsa, kudula pokwinyikapo n'kumata ndi selotepi. Tepi ya ku America, ya mtundu wa NTSC, ikaikidwa mu deki ya mtundu wa kuno wa PAL yosadziwa mitundu yonse iwiri, inkaonetsa zakuda ndi zoyera kapena kungogudubuzika.

Tsopano taonani mafilimu amene anapambana m'chipinda chotere, cha anthu makumi angapo, TV yaing'ono, jenereta ikulira, Chingerezi chikumveka kwa ochepa. Enter the Dragon ya 1973, Drunken Master ya 1978, First Blood ya 1982, Commando ya 1985, Bloodsport ya 1988. Onsewa nkhani yake munthu amaigwira m'mphindi khumi zoyamba: wina walakwiridwa, wakonzekera, wapita kukabwezera. Woipa amadziwika ndi nkhope. Wolowa mochedwa amafunsa mnzake funso limodzi basi n'kupitiriza. Mafilimu a ku India anabwera ndi nyimbo ndi magule, Disco Dancer ya 1982 ikutsogolera, ndipo The Gods Must Be Crazy ya 1980 inkaseketsa ndi agogo omwe chifukwa nthabwala zake n'zooneka ndi maso. Filimu ya Yesu ya 1979, yoikidwa m'Chichewa, inayenda ndi mipingo m'midzi yomwe vidiyo ya malonda sinafikeko.

Apa ndi pomwe pali kusiyana kwenikweni pakati pa mafilimu akale ndi atsopano, ndipo n'kwa kajambulidwe. Ku Hong Kong m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, kamera inkaima patali n'kuonetsa thupi lonse la omenyana, kumutu mpaka kumapazi, ndipo chithunzi chimodzi chinkatenga nkhonya zingapo chisanadulidwe. Ambiri mwa osewerawo anaphunzira kudumpha ndi kugwa kuyambira ali ana. Jackie Chan anakulira pa sukulu ya zisudzo za ku China komwe maphunziro ake anali amenewo. Woonera amaona phazi likunyamuka, likuyenda, likufika. Mafilimu ambiri a nkhondo a masiku ano amadula chithunzi pa sekondi imodzi kapena ziwiri, kamera ili pafupi ndipo ikugwedezeka, mwa zina pofuna kubisa kuti wosewerayo si katswiri wa ndewu. Pa chinsalu chachikulu cha ku London zimenezi zimadutsa. Pa TV yaing'ono, woonera ali pa benchi lachisanu, amangoona chigongono ndi fumbi.

Kuwala nakonso. Mafilimu akale ankaunikiridwa kwambiri chifukwa filimu ya nthawiyo inkafuna kuwala kochuluka, moti ngakhale usiku wake unali wooneka. Makamera a digito amatha kujambula mumdima, ndipo opanga mafilimu ambiri akonda zithunzi zakuda, zokonzedwera TV zodula zoonera m'chipinda chozimitsa magetsi. Filimu yotere ikapanikizidwa kuti ikwane m'mamegabaiti 300 kapena 400, monga amachitira obena mafilimu pa msika, malo akudawo ndi amene amayamba kuwonongeka: amasanduka timabokosi totuwa. Onjezani kuwala kolowera pa chitseko masana, ndiye theka la filimu ndi mawu okhaokha. Kapangidwe ka chithunzi kakuwonjezera vuto. Matepi akale ankadzaza TV yonse ya 4:3, pomwe mafilimu otambalala a lero amasiya mikwingwirima yakuda pamwamba ndi pansi, ndipo pa TV yachikale chithunzi chimangotsala pang'ono kupitirira theka la galasi.

Mawu ndiye amasokoneza eni mavidiyo ambiri, ndipo amanamizira sipika. Mafilimu atsopano amabwera ndi njira zisanu ndi imodzi za mawu, zomwe amati 5.1, ndipo zolankhula zimakhala m'njira yapakati. Wina akalumikiza mawaya awiri okha, lofiira ndi loyera, ku ampu popanda kusintha makina, amatenga kumanzere ndi kumanja kokha. Mabomba amagwedeza malata, koma anthu akuyankhula sakumveka. Kukonza kwake n'kulowa pa zosankha za mawu mu DVD kapena TV n'kuika pa stereo kapena downmix. Filimu ya kale, ya njira imodzi kapena ziwiri, ilibe vuto limeneli, umangolumikiza.

Ndiye pali masamu a mwini bizinesi, amene okonda kukangana saawerengera. Commando ndi mphindi 90, Bloodsport 92. Avengers: Endgame ya 2019 ndi mphindi 181, ndipo kuti uimvetse uyenera kukhala utaonera mafilimu ena ambiri a m'mbuyo mwake. Khomo ndi mtengo umodzimodzi. Pa batire ya mavoti 12 ndi 100Ah, mphamvu yonse ndi mawati-ola 1,200, koma batire ya asidi siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, apo ayi imafa m'miyezi yochepa. Zotsala ndi 600. TV, ampu ndi DVD zikamadya mawati 120, ndipo inveta ikudyako gawo lake, ndi maola anayi ndi pang'ono. M'maola amenewo mukwana mafilimu akale awiri ndi theka la lachitatu, kapena latsopano limodzi ndi kachidutswa. Magetsi a ESCOM akazima, mwini amadziwa yekha choika.

Sikuti zatsopano sizinalowepo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ma VCD anabweretsa mafilimu a ku Nigeria, filimu imodzi pa madisiki awiri popeza VCD imatenga mphindi zosapitirira 80. Ufiti, mitala, apongozi ovuta, m'busa wothamangitsa ziwanda: amayi omwe sankaponda ku vidiyo anayamba kuonera kunyumba. Kenako ma DVD a mafilimu khumi pa disiki imodzi, kenako fulashi ndi memori khadi. Panabweranso anyamata otanthauzira mafilimu m'Chichewa pa kompyuta, akutsitsa mawu enieni n'kuikapo awo, kutchula osewera maina a kuno. Ntchito yawo ndi yomweija ya wofotokozera wa pa galimoto ya atsamunda, ndipo yathandiza mafilimu a ku Korea, ku India ndi ku Philippines, a nkhani zazitali, kupeza oonera. Koma womasulira amavutika ndi filimu yodumphadumpha nthawi, ndipo nayenso amapepukidwa ikakhala ya kung fu.

Kasungu ili ndi filimu yakeyake yamakono. The Boy Who Harnessed the Wind, ya Chiwetel Ejiofor, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe ndi makina ake a mphepo m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, inajambulidwa konkuno ndipo inatuluka pa Netflix mu 2019. Ndi filimu yowala bwino, yosathamanga, ya nkhani imodzi yowongoka, kutanthauza kuti inapangidwa mwachikale. Amalawi anaseka Chichewa cha osewera ochokera kunja, koma anaonera mpaka kumapeto. Chovuta chinali china: Netflix imafuna khadi la kubanki ndi bandulo ya intaneti yomwe anthu ambiri a ku Wimbe sangakwanitse, ndiye ambiri anaipeza pa fulashi.

Akuluakulu nawonso asanyade kwambiri. Zaka za m'ma 1980 zinatulutsa mafilimu oipa mazanamazana, a maninja ovala zofiira ndi mawu osagwirizana ndi milomo, ndipo anadutsa m'mavidiyo a ku Kasungu n'kuiwalika. Otsalawa ndi osefedwa ndi zaka 40 za oonera okuwa kuti abwezeredwe ndalama zawo. Kuyerekeza khumi opambana a nthawi imeneyo ndi chilichonse chotuluka chaka chino si chilungamo. Komanso nyumba za vidiyo zinali ndi mbiri yake yoipa: ana othawa sukulu, ndi mafilimu olaula oonetsedwa usiku, zomwe zinkachititsa mafumu, aphunzitsi ndi apolisi kutseka zina.

Amene akusungabe matepi m'katoni adziwe kuti nthawi yawathera. Kampani yomaliza kupanga madeki a VHS, Funai, inasiya mu 2016, ndipo zipangizo zake zikupezeka pophwasula madeki akufa basi. Tepi isungidwe choimirira, yobwezedwa kumayambiriro, kutali ndi sipika chifukwa maginito amafufuta chithunzi, ndiponso kutali ndi khoma lonyowa. Yochita nkhungu isalowe mu deki yabwino, chifukwa imaipitsa mahedi n'kupatsira matepi ena. Zofunika kupulumutsa msanga si za Rambo, zomwe zili paliponse, koma matepi a maukwati, a makwaya ndi a magule ojambulidwa m'ma 1990, omwe alibe kope lina. Kachipangizo ka USB kolandira mawaya atatu, lachikasu, loyera ndi lofiira, kamasamutsira tepi pa laputopu, ndipo tepi ya maola atatu imatenga maola atatu omwewo. Wochita malonda oonetsa mafilimu pagulu akumbukirenso kuti pamafunika chilolezo cha khonsolo ndi cha COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso.